Njinga yothamangira pa tala ndi ndalama zochepa: pa zitatuzi, ndigule iti?

Funso: Ndimakhala ku Zomba, ndine wamtali mamita 1.72. Ndili ndi mountain bike yolemera ya magiya 21, ndipo Loweruka ndimatsatira anzanga a njinga za mpikisano mumsewu wa ku Liwonde. Pobwerera amandisiya pa chitunda choyamba. Ndalama zomwe ndasunga zingakwanire imodzi mwa njinga zitatu. Yoyamba ndi yatsopano, ili m'sitolo ku Blantyre, dzina lake sindinalimvepo, ili ndi magiya 14 a Shimano Tourney ndi mabuleki a disc. Yachiwiri ndi Trek 1.5 yakale ya aluminiyamu, saizi 54, magiya 20 a Tiagra, mabuleki ogwira limu, ndipo mkulu wanga waipeza ku Johannesburg. Yachitatu ndi ya felemu ya kaboni, saizi 58, ya magiya a Shimano Ultegra, mwini wake akugulitsa motchipa modabwitsa. Mtima wanga uli pa ya kaboniyo. Mungandilangize bwanji?

Yankho: Achimwene, mundikhululukire, koma ya kaboniyo isiyeni. Pa zitatuzi ine ndingatenge Trek, bola akulu anuwo aiyang'ane bwino monga ndifotokozere, ndiponso musathere ndalama zonse pa njinga yokhayo. Munthu wa ndalama zochepa sagula njinga yabwino kuposa zonse. Amagula yomwe ikumukwana thupi, yomwe angathe kuikonzetsa kwawo konkuno ikawonongeka.

Ya kaboniyo yagwa kale pa nkhani ya saizi, tisanafike n'komwe pa zina. Felemu ya 58 imapangidwira anthu a mamita 1.80 kupita m'mwamba. Inu a 1.72 malo anu ndi 52 kapena 54, ndipo pa njinga za Trek 54 ndiyo imakonda kukwana anthu a msinkhu wanu. Wogulitsa adzakuuzani kuti mungotsitsa chishalo basi. Chishalo chimatsika ndithu, koma kutalika kwa felemu kuchokera pachishalo kufika pa mahandulo sikufupika. Mudzapalasa mutatambasuka, khosi ndi msana zidzayamba kuwawa ola loyamba lisanathe, zala zidzachita dzanzi, ndipo potsetsereka kuchokera ku Ku Chawe mudzapeza kuti mabuleki mukuwafikira ndi nsonga za zala. Ena amaika stem, chitsulo cholumikiza mahandulo ku foloko, yaifupi kwambiri kuti mahandulo asendere pafupi, koma njinga yaikulu ikapatsidwa stem yaifupi imakhala yanjenjete pokhota. Njinga yocheperako pang'ono imatheka kuikonza, yaikulu mopitirira ayi.

Dziyezeni nokha musanatumize ndalama. Vulani nsapato, tsamirani khoma, panani buku pakati pa miyendo mulikankhire m'mwamba monga chimachitira chishalo, wina ayeze kuchokera pansi kufika pamwamba pa bukulo. Nambala imeneyo muichulukitse ndi 0.883, njira yomwe idatchuka ndi Greg LeMond, wa ku America amene adapambana Tour de France mu 1986, 1989 ndi 1990. Zomwe mwapezazo ndiwo mtunda wochokera pakati pa ekiselo ya mapedulo kufika pamwamba pa chishalo. Ngati mwendo wanu ndi masentimita 80, chishalo chikhale pafupifupi pa 70.6. Akulu anuwo aike chishalo cha Trek pamenepo, ajambule njingayo cham'mbali, muone. Chitsulo chonyamula chishalo chioneke chotuluka bwino, osati chomira chonse m'felemu, osatinso chotuluka kupitirira mzere wochenjeza.

Za mtengo wodabwitsawo, akuluakulu adati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Njinga ya kaboni ya Ultegra siitchipa popanda chifukwa, ndipo zifukwa zake n'zodziwika: idachita ngozi, kapena felemu ndi yachinyengo yongomatidwa dzina la kampani yotchuka, kapena ndi yobedwa. Aluminiyamu ikamenyedwa imabonyoka, diso limaona. Kaboni imatha kusweka m'kati kunja penti ili gwa, ndipo tsiku lomwe yatopa imangothyoka osachenjeza. Kumayiko komwe njinga zotere n'zambiri kuli akatswiri oziyeza ndi makina ndi kuzimata. Kuno wowotcherera wa pamsika sangakuthandizeni kalikonse. Ngakhale itakhala yopanda chilema, zida za Ultegra zimadula pogula zatsopano, ndipo chogwirira chimodzi chosinthira magiya chikathyoka, njinga idzagona m'nyumba miyezi. Sindikunyoza kaboni, ndi yabwino kwabasi. Kungoti siyoyenera kugula mwachimbulimbuli ndi ndalama zomwe munthu wasunga movutikira.

Yatsopanoyo ndiyo yofunika kuiganizira mofatsa, chifukwa utsopano uli ndi phindu lake: palibe chomwe chatha, mukuiona ndi maso, mukhoza kuikwera musanalipire. Koma dzifunseni kuti pa mtengo umenewo opanga adadula pati. Zida za Shimano za njinga za pa tala zili ndi makwerero: pansi penipeni Tourney, kenako Claris ya magiya 8 kumbuyo, Sora 9, Tiagra 10, ndiye 105, Ultegra ndi Dura-Ace pamwamba. Tourney imagwira ntchito, koma njinga zambiri za magiya 7 kumbuyo, monga iyi ya magiya 14, zimabwera ndi masipuloketi a mtundu wa freewheel, ochita kupotokolera pa habu, osati a mtundu wa kaseti, ochita kulowetsa. Pa habu yotereyi mabelingi a mbali ya tcheni amakhala m'kati kwambiri, ndiye ekiselo imapindika kapena kuthyoka msanga m'maenje. Magiya akenso nthawi zambiri amakhala a mano 14 mpaka 28, ochepa pa chitunda, ochepanso potsetsereka. Mabuleki a disc a pa njinga zotchipa amaikidwa kuti akope wogula: amakankha mbali imodzi yokha, amakhula, amafuna kusinthasintha. Ndipo ngati dzina la njingayo silidziwika, kachitsulo kofewa komwe kamanyamula chosinthira magiya cha kumbuyo, kotchedwa hanger, mudzakapeza kuti kakathyoka? Kamapangidwa dala kuti kazithyoka m'malo mwa felemu, ndipo mtundu uliwonse wa njinga uli ndi kake. Mukapitanso kusitoloko, nyamulani sikelo yokoleka, muipime. Njinga za aluminiyamu za makampani odziwika zimakhala pakati pa makilogalamu 9 ndi 11. Ikapitirira 12, ndiye kuti mukugula mountain bike yanu yomweyo itavala mahandulo opindika.

Ikadakhala yatsopano ya Claris kapena Sora, monga Giant Contend, Specialized Allez, Trek Domane AL kapena Triban ya ku Decathlon, yankho langa likadasintha. Anthu amapeputsa magiya 8 ndi 9, pamene kwa ife ndiwo anzeru. Tcheni cha magiya 8 n'chimodzimodzi ndi cha mountain bike wamba, chimapezeka m'masitolo a njinga m'tauni, n'chokhuthala, ndipo chimapirira fumbi la chilimwe kuposa chopyapyala cha magiya 11 kapena 12.

Tsopano matayala, nkhani yomwe ogula ambiri saiganizira koma ndiyo imasiyanitsa kusangalala ndi kudandaula. Mawilo a njinga zothamangira ndi a 700c, ndipo limu yake ndi mamilimita 622. Matayala a njinga zathu zakapalasa zonyamulira katundu, olembedwa 28 x 1½, ndi a 635. Njinga zakale za mpikisano zolembedwa 27 ndi za 630. Zitatuzi sizilowana ngakhale pang'ono, ndipo chosokoneza n'chakuti makampani ena amalembanso 28 pa matayala a 700c. Musakhulupirire nambala yaikuluyo. Yang'anani timanambala ting'onoting'ono m'mbali mwa tayala, monga 28-622: yoyamba ndi kunenepa kwa tayala, yachiwiri ndi limu. Valavu nayonso ndi ina. Machubu a njinga zimenezi ali ndi valavu yopyapyala ya Presta, yomwe pampu ya amakaniko a m'mbali mwa msewu siigwira popanda kachipangizo kolumikizira. Tayala likaphulika pa Domasi inu mulibe chubu ndi pampu yanu, ulendo wathera pomwepo.

Trek ya zaka zimenezo mwina ili ndi matayala a mamilimita 23 kapena 25. Kale anthu ankakhulupirira kuti tayala lowonda lopopedwa gwa ndilo lothamanga. Pa tala losalala ngati galasi zinali ndi kachoonadi, koma pa msewu wokakala, wa zigamba ndi m'mbali modyeka, tayala lolimbitsitsa limadumphadumpha, mphamvu zanu zimathera m'kugwedezeka kwa thupi. Masiku ano ngakhale akatswiri a mipikisano ya ku Europe adasamukira pa 28 ndi kupitirira. Choncho funso lalikulu pa Trek imeneyi si dzina la magiya ayi, koma ngati tayala la 28 likulowa. Mabuleki ogwira limu ambiri amalola mpaka pamenepo. Akulu anuwo apite nayo ku sitolo ya njinga, aikemo tayala la 28, aone ngati patsala mpata wa mamilimita 4 m'mbali zonse, pansi pa buleki ndi pakati pa zitsulo za kumbuyo. Ngati likulowa, gulani matayala olimba monga Continental Gatorskin kapena Maxxis Re-Fuse. Si opepuka kwenikweni, koma minga ndi magalasi a mabotolo siziwalowa wamba. Munthu wa makilogalamu 70 pa tayala la 28 apope pakati pa 70 ndi 80 psi (muyezo wa mpweya pa geji ya pampu), lakutsogolo mochepera pang'ono. Nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala ndi malire osayenera kupitirira, si lamulo loti muzifika pamenepo.

Popeza mumakhala m'tsinde mwa phiri, werenganinso mano. Kutsogolo kumakhala masipuloketi awiri, a mano 53 ndi 39 (53/39) kapena 50 ndi 34 (50/34). Inu mufuna 50/34, ndipo kumbuyo sipuloketi yaikulu ikhale ya mano 30 kapena 32. Mountain bike yakuzolowezani magiya ofewa kwambiri, ndiye musadzadabwe kuti pa njinga ya mpikisano giya yofewetsetsa ikadali yolimbirapo. Ndi 39 kutsogolo ndi 25 kumbuyo, msewu wa ku Ku Chawe, kapena chitunda chochokera ku Chikwawa kukwera ku Blantyre, mudzakwera ndi maondo, ndipo maondo sagulidwa. Apa pali kachinsinsi kothandiza: zogwirira za Shimano za pa tala za magiya 8, 9 ndi 10 zakale zimagwirizana ndi chosinthira cha kumbuyo cha mountain bike cha magiya 9, monga Alivio kapena Deore, ndiye mukhoza kuika kaseti ya mano 34 motchipa. Koma samalani ndi Tiagra, chifukwa ilipo mitundu iwiri ya magiya 10. Ya 4600 imalola zimenezi. Ya 4700, yomwe idatuluka mu 2015, imakoka waya mosiyana ndipo imafuna chosinthira chakechake. Nambalayo imalembedwa kuseri kwa chosinthira ndi pansi pa labala wa zogwirira. Akulu anuwo aijambule, mudzaifuna nthawi iliyonse mukamaitanitsa zida.

Kuyang'ana njinga yakale sikufuna sukulu, kumafuna kudekha ndi kuwala kwa dzuwa. Aitsuke kaye, chifukwa dothi limabisa ming'alu. Ayang'ane mowotcherera monse, makamaka kuzungulira khosi la felemu ndi pansi pa ekiselo ya mapedulo. Mng'alu pa aluminiyamu, ngakhale waung'ono ngati tsitsi, ndiye kuti malonda atha. Foloko yake ikhoza kukhala ya kaboni, monga zilili njinga zambiri za mtundu umenewu, ndiye aione bwino ngati ili ndi mabala akuya kapena penti yotukumuka. Amasule chitsulo cha chishalo aone ngati chikuyenda, pakuti chikamatirira m'felemu chimasautsa kwambiri. Agwire buleki ya kutsogolo akankhe njinga uku ndi uku: kugogoda kulikonse ndi mabelingi a m'khosi. Agwedeze mawilo ndi mapedulo cham'mbali. Azunguze wilo lililonse aone ngati likupepeluka, apane masipoko awiriawiri amve ngati ena ali lende. Pa njinga ya mabuleki ogwira limu, limuyo imadyeka: aike lula m'mbali mwake, ngati pakati palowa ngati mbale ndiye kuti mawilo atsala pang'ono kutha, ndipo mtengo utsike kwambiri. Tcheni achiyeze ndi kachipangizo komwe sitolo iliyonse ya njinga ili nako. Cha magiya 10 chikatalika ndi 0.75 peresenti chatha, ndipo ngati chidapitirira pamenepo kalekale chadyanso kaseti. Zimenezi siziletsa kugula, n'zokambirana pa mtengo. Chomwe chingaletse ndi zogwirira zosinthira magiya, chida chodula kuposa zonse pa njingayo. Aikwere, asinthe magiya onse kukwera ndi kutsika, chilichonse chilire "kete" momveka. Nthawi zina zimangouma girisi ndipo zimadzuka zikatsukidwa, koma zimenezo aziweruze makaniko, osati wogulitsa.

Nambala ya felemu ili pansi pa ekiselo ya mapedulo. Ngati yafufutidwa kapena kupalidwa, achokepo. Ngati ilipo, ilembedwe pa kalata yogulitsirana pamodzi ndi mtengo, dzina ndi siginecha ya wogulitsa. Kalata imeneyo mudzaifunanso pachipata, a MRA akamafunsa za mtengo wa katunduyo.

Pa mabuleki ndisakunamizeni: disc yabwino, makamaka ya mafuta, imagwira kuposa ya limu mvula ikamagwa, ndipo njinga za disc zimalola matayala a 32 kapena kuposa. Mukadakhala ndi ndalama zowirikiza ndikadakulozerani kumeneko. Koma buleki ya limu yokhala ndi malabala abwino ndi waya watsopano imaimitsa njinga bwino lomwe, makaniko aliyense amaimvetsa, ndipo siifuna mafuta apadera. Chifukwa choti okwera ambiri a ku South Africa ndi ku Europe adathamangira ku disc, njinga zabwino za mabuleki a limu zidatsika mtengo pa msika wa zakale. Mwayi wa munthu wa ndalama zochepa uli pomwepo. Nyengo ya dzinja muzingoyamba kugwira buleki msanga kuti labala aumitse limu. Onaninso dzanja lomwe likugwira buleki ya kutsogolo: ku Britain ndi lamanja, ku America ndi mbali yaikulu ya Europe ndi lamanzere. Ngati zasiyana ndi zomwe mudazolowera, makaniko asinthe mawaya musanatsike nayo phiri.

Pa ndalama zanu, gawo limodzi mwa magawo asanu lisapite kwa wogulitsa. Limenelo ndi la matayala awiri, machubu angapo, pampu ya Presta, tcheni chatsopano, malabala a mabuleki, mawaya, hanger yapadera ya njinga imeneyo, ndi nyali yofiira ya kumbuyo yomwe muziyatsa ngakhale masana, poti misewu yathu mukuidziwa ndi maminibasi ake. Helemeti ngati mulibe, ndiyo yoyamba. Zonsezi zigulidwe konko ku Johannesburg zibwere m'katoni imodzi ndi njinga, chifukwa kuitanitsa kamodzikamodzi kumadula. Kumbukiraninso mmene kwacha idagwera ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023: chida chochokera kunja chomwe chili m'kabati mwanu n'chotetezeka kuposa ndalama yodikira kudzachigula. Mapedulo omangirira nsapato adikire. Kabudula wa siponji ndiye angakuthandizeni msanga kuposa amenewo.

Ulendo wa pa basi kudzera ku Zimbabwe ndi Tete mpaka pa Mwanza wawononga njinga zambiri kuposa maenje. Apemphe katoni ya njinga ku sitolo, achotse wilo lakutsogolo, mapedulo ndi mahandulo, amasule chosinthira cha kumbuyo pa hanger achikulunge ndi nsalu, ndipo pakati pa miyendo ya foloko aikepo kathabwa kapena kapulasitiki kuti isapanikizike katundu wina akasanjikizidwa pamwamba. Mtengo wa basi ndi msonkho muufunsiretu, muuphatikize pa mtengo wa njinga musanayerekeze ndi ya ku Blantyre ija.

Kodi anzanuwo adzasiya kukusiyani? Pa msewu wathyathyathya mudzaona kusintha tsiku loyamba, chifukwa matayala osalala ndi kuwerama kwa thupi zimachotsa zambiri zomwe zimakukokani m'mbuyo. Pa liwiro la makilomita 30 pa ola mdani wamkulu ndi mphepo, ndipo gawo lalikulu la mphepoyo limamenya thupi lanu, osati njinga. Kuphunzira kukhala kuseri kwa wilo la mnzanu kudzakupatsani zambiri kuposa kusiyana kwa Tiagra ndi Ultegra. Pa chitunda, makilogalamu 5 kapena 6 omwe mwataya adzamveka, koma pakati pa Trek ndi ya kaboni ija kusiyana mwina ndi kilogalamu imodzi ndi theka, pa katundu yense wa inu ndi njinga wokwana pafupifupi 80. Zotsalazo ndi miyendo ndi mapapo.

Mountain bike musaigulitse ngati mungathe. Ndi ya misewu ya fumbi, ya kumsika, ya masiku a matope. Ndipo Trek ikalephera mayeso, musathamangire yatsopanoyo chifukwa choti ndalama zikutentha m'thumba. Ku Johannesburg njinga za aluminiyamu za saizi 52 ndi 54 zimatuluka kawirikawiri: Allez, Giant Defy, Merida, Silverback, za Sora, Tiagra kapena 105 yakale. Akulu anuwo muwapatse zinthu zinayi zoti azifunsa asanapite kukaona: saizi, ngati tayala la 28 likulowa, mano a kutsogolo, ndi nambala ya felemu. Podikira, chotsani matayala a zigobezigobe pa njinga yanuyo muike osalala a saizi ya mawilo ake, monga 26 x 1.5, mupope bwino, mukweze chishalo pa muyezo womwe mwapeza uja, Loweruka likubwerali mukayese.